Digiri ya m'dzala

Amuna anga anabadwira kumapiri a ku Dedza, ndipo mpaka tsiku limene tinatsika basi ku Mangochi, nsomba imene ankaidziwa bwino ndi usipa wouma. Koma ndi iwowa amene yunivesite ina ya ku Ulaya inawasankha kuti alembe digiri ya udokotala pa za chambo. Mgwirizano wake unali wakuti kampani ina ya usodzi kufupi ndi Nkhudzi ipereke nyumba ndi nsomba zoyeza, yunivesite ipereke pulofesa, iwo apereke mutu. Ine ndinapereka zala, poti ndinkadziwa kutayipa.

M'mawa uliwonse ankaima padoko atavala tayi, rula ili m'manja, kuyeza chambo chotsika m'boti. M'botimo sanakweremo. Ankati sayansi sifuna kunyowa, koma zoona zake ankaopa madzi.

Patatha zaka ziwiri anapeza mfundo yawo yaikulu: chambo chachikulu chatha m'nyanja. Masiku amenewo mawu oti "chatha" sankatchulidwa wamba. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi zinthu zonse zinkachuluka, ndi nsomba zomwe. Bwana wa kampani atamva anatseka chitseko n'kuwafunsa ngati akufuna digiri kapena ndende. Amuna anga anaonda koma anakakamira manambala awo, ndipo ine mantha anandigwira zedi.

Tsiku lina masana ndikutayipa, ndinafika pa chiganizo choti chambo chotalika kuposa rula sichikupezekanso. Zala zinaima zokha. Kukhitchini kunali chambo chimene mchira wake unatulukira kunja kwa beseni. Akapitawo a boti, bambo wachiyawo waulemu wake, ankatibweretsera chotere katatu pa sabata, podzera kuseri.

Ndinawakokera amuna anga kukhitchini. Anayang'ana besenilo ngati aona mzukwa. Zaka ziwiri ankadya chambo choterechi, koma chodulidwa kale, maso ali pa buku.

Tinapita kwa akapitawo. Anatimvetsera mpaka kumaliza, n'kukonza mzuli wawo.

"Achimwene, nsomba yaikulu sifika padoko," anatero. "Ndi ndiwo za anthu a m'boti, timagawana tisanakocheze. Wallahi sitinakumaneni. Gawo lanu timapatsa amayiwa."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Inu mumafunsa rula, simufunsa ife."

Pulofesa anali woti afike mwezi wotsatira. Titabwerera kunyumba, amuna anga anandifunsa kumene ndinkataya minga. Akuti fupa la patsaya la chambo limaulula kukula kwake ndi zaka zake. Anavula tayi, natenga khasu, n'kuyamba kufukula dzala langa. Akazi a aphunzitsi oyandikana nafe anadzaza pampanda, kunong'onezana kuti sukulu yawazunguza mutu. Ndinachita manyazi, koma amuna anga ndinawatungira madzi otsukira mafupawo.

Digiri anaipeza, ndipo kundende sanapite, chifukwa bukulo tsopano linkanena kuti chambo chachikulu chilipo, kungoti sichikonda doko. Kampani inaika mlonda m'boti, ndipo kuseri kwanga sikunagogodedwenso. Zimenezi zinandiwawa kuposa manyazi aja.

Patsamba lothokoza analemba pulofesa, kampani, boma, ngakhale akapitawo. Ine amene ndinaphika umboni wonse n'kuutaya pamalo amodzi, ndinalibemo. Koma wotayipa ndinali ine. Ndinadziikamo, pamwamba pa pulofesa, ndipo iwo anasaina osawerenga. Dzina langalo anadzaliona bukulo litasindikizidwa kale ku Ulaya.