Chilimwe Chimene Nsomba Zinakhala m'Bafa

Fungo la silikoni, phala lomatira magalasi, limandibwezera ku Zingwangwa nthawi zonse. Ndi fungo lowawasa, lolasa m'mphuno ngati viniga, ndipo chilimwe chimene ndinali Sitandade 5 linakhazikika m'nyumba mwathu mpaka kulowa m'makatani ndi m'yunifolomu yanga. Nyumba yathu inali pamtunda pang'ono, moyang'anana ndi phiri la Soche. Masana malata ankathetheka ndi kutentha, ndipo fumbi lofiira la mumsewu linkalowa ngakhale mawindo ali otseka.

Pabalaza pathu panali chinthu chimene nyumba zina zonse za mumzere wathu zinalibe: thanki ya nsomba. Adadi ankadula magalasi pa kampani ina yopanga mawindo ku Makata, ndipo thankiyo anaimanga okha ndi zidutswa zotsala kuntchito. Munali nsomba zitatu zofiira, imodzi yotuwa yongobisala kuseri kwa mwala, ndi ina yoyera ya mchira wautali ngati diresi laukwati, imene ndinaitcha Dona. Kuzidyetsa inali ntchito yanga, choncho ndinkaziona ngati zanga. Anzanga ankabwera kudzasuzumira pawindo, ine ndikuwauza mwamatama kuti asagogode galasi.

Vuto linali fyuluta, kabokosi kosefa madzi kamene kankapachikidwa kunja kwa thanki, chakumbuyo. Adadi anakagula kakale pamsika wa Ndirande. Magetsi akazima, kankabweza madzi n'kuwatayira pansi. Akayaka, kankalira ngati chigayo. Amayi atatopa ndi kukolopa, adadi ananena kuti achotsa kabokosiko n'kumanga fyuluta m'kati mwa thanki momwemo. Anandifotokozera akuyendetsa chala pagalasi. Chakumbuyo kudzaima chipupa chagalasi, ndipo kuseri kwake kudzakhala tizipinda titatu. Madzi akuda adzalowera pamwamba, adzadutsa m'siponji, kenako m'timiyala, ndipo pampu idzawabweza ali oyera. Anati inali ntchito ya Loweruka limodzi.

Tinasamutsira nsomba m'bafa lalikulu limene amayi ankachapiramo, n'kulikankhira pansi pa tebulo. Loweruka lija galasi loyamba linaperewera. Galasi lachiwiri linasweka chopingasa pamene ankalithyola. Zinandidabwitsa, chifukwa ndinazolowera kuona adadi akukanda galasi kamodzi kokha n'kulithyola ngati bisiketi. Galasi lachitatu linalowa, koma silikoni anaipaka mokhotakhota. Titadikira kuti iume n'kuthira madzi, tinaona akudutsa pansi pa chipupa, akuda ndi oyera n'kusakanikirana. Adadi anakhuthula thanki yonse, anatenga lezala n'kuyamba kupala.

Masabata anayamba kudutsa. Mipopi inauma, ndipo tinkaima pamzere wautali pa kiyosiki yogulitsira madzi dzuwa likuswa mtengo. Madzi a kumeneko ankanunkha mankhwala, moti ankafunika kukhala kaye m'ndowa tisanawathire kwa nsomba. Amayi ankadutsa pa ndowayo akung'ung'udza kuti madzi angokhala ngati mlendo pamene mbale zili zosatsuka, ndipo zovala ankachapira m'kabeseni kosambira m'manja. M'bafa muja madzi ankafunda pofika masana. Nsomba zinkakwera pamwamba, kukamwa kuli yasa. Ndikaweruka kusukulu ndinkagwada pasimenti, kutunga madziwo ndi kapu n'kuwathira kuchokera m'mwamba kuti mulowe mpweya, mpaka phewa kuwawa. Mphaka wa aneba anaphunzira njira ya pabalaza pathu, ndiye ndinkaphimba bafa ndi lichero n'kutsinikiza ndi njerwa.

Yofiira yoyamba ndinaipeza itayandama chammbali. Posakhalitsa inatsatira ina. Anzanga aja anayamba kundifunsa ngati tsopano tikuweta mpweya, popeza thanki inangokhala yopanda kanthu, yodzaza zidindo za zala. Lamlungu lina kunabwera a Namakhwa, anzawo a adadi a kuntchito. Ataona zidutswa zosweka zitatsamira khoma, anadzipereka kuti akadule chipupacho pamakina, mawa lake abwere nacho. Ndinakondwera, ndikuganiza kuti nsomba zipulumuka. Koma adadi anangowathokoza, anakokera nsalu pa zidutswazo, n'kuyamba nkhani ya mpira. Ndinatuluka kukakhala kuseri kwa nyumba, ndikuzula udzu wouma ndi mkwiyo.

Tsiku limene Dona anafa kunali kopanda ngakhale kamphepo. Ndinamutola ndi manja, mchira wake n'kumatirira ku zala zanga ngati pepala lonyowa. Ndinapita naye pakhonde, pamene adadi anali atawerama pa galasi lina, tepi yoyezera ili m'manja. Sindinali mwana woyankha akuluakulu, koma mawu anatuluka okha.

"Adadi, fyuluta yakale ija inkalira, koma sinaphepo nsomba. Bwanji osangoibwezera?"

Amayi anasiya kusesa. Ine ndinkadikira mbama. Adadi anayang'ana m'manja mwanga nthawi yaitali, kenako ananditambasulira tepi ija.

"Kasambe m'manja, Tadala, ubwere undiwerengere manambala awa."

Ndinaona ngati chinali chilango. Ndinawerenga nditatupa masaya, misozi ikugwera pagalasi. Anandiuza kuti ndiike chikhadabo pamzere weniweniwo, iwo n'kubweretsa chodulira chawo mpaka chitagunda chikhadabo changa. Galasilo linathyoka mowongoka. Popaka silikoni, ine ndinamata pepala mbali zonse ziwiri za mzere, iwo n'kumalondola m'mphepete mwake ndi chala. Sitinalankhulane china chilichonse kupatula manambala.

Thanki inayamba kugwira ntchito sabata imene mvula yoyamba inagwa. Madzi anayera mbee. Pampu inkangong'ung'uza chapansipansi, ndipo magetsi akazima madzi ankangoima m'malo mwake, simenti ili youma. Amayi anatenga bafa lawo n'kulikwecha ndi mchenga. Aneba anabwera kudzasirira, akufunsa kuti makinawo abisika pati. Koma yofiira yomaliza inali itafa kale, ndipo m'madzi okongolawo munkasambira yotuwa yokha. Adadi anandiitana kuti ndidzaone mmene madzi akugwera m'kachipinda koyamba. Ndinayankha kuti ndaona, osatembenuka n'komwe. Mpaka Khirisimasi ndinkangowapatsa moni basi.

Chaka chotsatira kuchipatala anawauza kuti shuga wawononga maso awo, ndipo ntchito ya ku Makata inathera pomwepo. Sanandiuzepo kuti chilimwe chija manambala a pa tepi anali atayamba kale kusungunuka pamaso pawo. Ndinachita kulumikiza ndekha nditakula, n'kuzindikira kuti a Namakhwa akanadziwa, kampani yonse ikanadziwanso. Mwana uja, ine wa nthawi imeneyo, sananame: nsomba zinafadi chifukwa cha kukakamira kwa adadi. Koma iye ankaona munthu wamkulu wokana kuthandizidwa. Ine tsopano ndimaona bambo wamantha, wa banja loti alidyetse, amene mwa anthu onse a mu Blantyre analola kamtsikana kokwiya kokha kuti kaime pafupi n'kuwabwereka maso.