Chingwe Choyezera Mwezi

Aneba anga ku Khuyu, aphunzitsi opuma, sasiyana ndi chingwe m'thumba. Amakonda kufotokoza momwe ankapachikira mbale pamtengo, n'kubwerera chambuyo akuyeza mpaka mbaleyo itaphimba mwezi ndendende. Amati ukadziwa mtunda, kukula kwa mwezi sikubisika.

Kadamsana wa 2001 anamudikira zaka zambiri kuti adzaonetse ana mwezi ukuphimba dzuwa ngati mbale ija. Tsikulo linafika ng'ala itawatseka kale maso, ndipo makolo anatsekera ana m'nyumba poopa khungu. Ndinatsala ndekha ndi aphunzitsiwo, ndikuonera dzuwa m'beseni la madzi.

"Ladyeka mpaka pati, mayi a Dinah?" anandifunsa.

Kuyeza sindidziwa. Ndinangoyang'anabe m'beseni mpaka dzuwa litabwerera, ndipo ndinawauza kuti kwayeranso.

"Kwayera kwa inu," anatero, akukulunga chingwe chawo.