Akalipentala a Tsiku Limodzi

Shedi ya kutsidya kwa msewu inamera ngati bowa, ndipo ine ndinayamba kuikayikira tsiku lomwe anakhomapo chikwangwani.

Ndinali Fomu 3, chaka chatha chomwechi. Bambo anga ndi kalipentala pa Khonjeni. Anagwirapo ntchito ku esiteti ya tiyi zaka zambiri, kukonza zitseko za m'makomboni, kenako anatsegula shedi yawo pafupi ndi chigayo. Koma ntchito inali itasowa. Anthu masiku ano akugula mipando yapulasitiki, ndipo bokosi la maliro si chinthu choti munthu uzichipempherera. Msuweni wawo wa ku Joni anali atawapezera malo kwa anthu omanga nyumba, ndipo iwo ananena pamaso pa tonse kuti ntchito ya madesiki ikawaphonya, agulitsa zipangizo n'kunyamuka Khirisimasi isanafike. Opita ku Joni timawadziwa kwathu kuno. Chaka choyamba amaimba foni, chachiwiri amatumiza bulangete, chachitatu zii.

Nkhani ya madesikiyo inali yotere. Boma linanena kuti katundu wa masukulu a m'dera lathu azigulidwa kwa amisiri akonkuno, osati kumakampani am'tauni amene ankadya okha ntchito zonse. Bambo anavutika ndi mapepala. Anapita ku Blantyre kawiri, anabwerako ndi chikalata cholembetsera bizinesi ndi china cha msonkho, n'kuziika m'jumbo pansi pa matiresi. Chinatsala n'choti anthu akuboma abwere adzaone ndi maso awo kuti shedi ilipodi, ndiponso kuti muli anthu ogwira ntchito.

M'pamene anatulukira mkulu wina, mwini wake wa shedi ya kutsidya ija. Wamtali, nsapato zosongoka, galimoto ya magalasi akuda. Iye ankawapatsa azimayi apamsika moni wa Chilomwe, liwu limodzi lokhalo, nalonso lopotoka. Ankati mayi ake ndi a ku Kapichi. Kusukulu kwathu ana a ku Kapichi ndi ambiri. Ndinawafunsa mmodzimmodzi, ndipo panalibe amene anawamvapo mayi amenewo.

Ndinkadutsa pashedi yakeyo m'mawa uliwonse. Hamala sinkamveka, sowo sinkamveka. Koma m'kati munali madesiki makumi awiri onyezimira, a miyendo yachitsulo yowotcherera, m'shedi mopanda ngakhale waya wa magetsi. Tsiku lina ndinaona wakabaza akutsitsa matumba awiri a utuchi, mkulu uja n'kumauwaza pansi ngati feteleza. Mnzanga wa m'kalasi, mwana wa Asilamu aja ali ndi lole pamsika, anandinong'oneza kuti madesikiwo anawanyamula ndi bambo ake kuchokera ku Limbe, atawafunditsa tenti.

Ndinakawauza bambo. Sanasiye n'komwe kupala thabwa.

"Iwe, za eni uzisiye. Boma lili ndi maso."

"Maso ake ali pati, ababa? Ine ndinamuona mkuluyo akudya tchipisi ndi munthu wina wamfupi, wa chitupa cholendewera m'khosi. Ankaseka ngati pachibale."

"Kudya tchipisi ndi mlandu? Pita ukathandize amako."

Ndinapita, koma mutu unali pa ntchito.

Kutatsala tsiku limodzi kuti oyendera abwere, m'shedi muja munapezeka akalipentala atatu, m'maovolosi abuluu amene mizere ya m'paketi inali isanafufutike. Ndinafuna kugwa ndi phwete. Onse atatu anali othyola tiyi, aja amaimitsidwa ntchito kukayamba kuzizira n'kumadikira mvula. Mmodzi ndi aneba athu, bambo amene zala zawo zinada kalekale ndi masamba a tiyi.

"Ankolo, ukalipentala mwauyamba liti?"

"Choka apa, mwana wopanda mwambo iwe. Ganyu ndi ganyu."

"Ayi, ine ndimangofuna ndikuuzeni kuti puleni yopalira matabwayo mwaigwira chakumbuyo."

Anaitembenuza, n'kunditukwana m'Chilomwe.

Tsopano amene sanakulire kumunda wa tiyi ayenera kumva ichi. Mvula yoyamba ikagwa, tiyi amaphuka, esiteti imayamba kulemba anthu. Koma malo amakhala ochepa kuposa anthu, ndiye womva nkhaniyo sauza mnzake. Ngakhale mlamu wako sakuuza. Umangoona munthu akuyenda chothamanga, dengu kumsana, majombo kumapazi, chitupa m'manja. Ukamufunsa kuti akupita kuti, iye n'kuyankha kuti palibe, akungoyenda, dziwa kuti kugeti kwayamba mzere. Munthu akakuuza poyera kuti akulemba, ungathe kukayika. Akakana, siya chilichonse uthamange.

Mvula inali itagwa masiku awiri otsatizana. Dothi linali kununkhira, ndipo aliyense pa Khonjeni ankayang'ana mapazi a mnzake.

Ndikanapita ndekha kukanena kuti esiteti ikulemba, palibe akanasuntha. Mbiri yanga inaipa kuyambira pamene ndinaika bilimankhwe m'bokosi la choko la aphunzitsi a masamu. Ndiye ndinapeza atsikana anayi a m'kalasi mwathu, amatupi aakulu. Madengu tinatenga a amayi awo kuseri kwa nyumba, majombo obwereka, zitenje zakutha, maduku otsikira mpaka m'maso. Zitupa zinali za sukulu, koma munthu wothamanga ndani angamuwerenge chitupa? Ndinawaphunzitsa yankho limodzi lokha, ndipo ndinawaletsa kuseka.

Tsikulo sitinalowe m'kalasi. Oyendera anafika cha m'ma teni, anthu awiri. Wina anali mayi wa magalasi, wachilendo kwathu kuno, Chichewa chake cha kumpoto. Winayo? Wamfupi uja wa tchipisi. Mtima wanga unangoti, ndinanena ine. Anayambira kushedi ya mkulu uja, ndipo wamfupiyo anali atayamba kale kuyang'ana wotchi, kunena kuti kwa enawo aona ngati nthawi ilola. Akalipentala atatu anali kalikiliki pa thabwa limodzi, wina akucheka, wina akupala, wina akukhoma msomali pamalo popanda chifukwa.

Ine ndinaima kuseri kwa chiwaya cha tchipisi, n'kukweza dzanja.

Woyamba anadutsa yekha, mutu pansi, dengu likugwedera. Aneba athu anamutsatira ndi maso. Kenako awiri, wina akumangirira chitenje uku akuyenda. Puleni inaima.

"Amayi! Kwagwanji uko?" anafunsa aneba athu.

"Ayi, palibe. Tikungoyenda."

Wachinayi atadutsa, anachita kuwonjezera zake. Anayang'ana kumbuyo ngati akuopa kuti wina amutsatira, n'kuyamba liwiro.

Zimene zinachitika kenako sindinazikonze ine. Mayi wina wogulitsa tomato anasiyira mwana wake malonda n'kuthamangira kwawo kukatenga chitupa. Anyamata awiri amene ankasewera bawo anadumphira pakabaza imodzi. Kuchigayo anthu anasiya matumba pamzere. Aliyense akafunsidwa ankayankha chimodzimodzi, kuti palibe, ndipo yankho limenelo ndi limene linkathira mafuta pamoto.

Aneba athu anaika puleni pansi bwinobwino. "Bwana, pepani, m'mimba mwandipotokola." Anavula ovolosi akuyenda. Wachiwiri sanatsanzike n'komwe. Wachitatu anasiya sowo ili m'thabwa, ikunjenjemera yokha.

"Bwererani kuno inu!" anakuwa mkulu uja. "Ndakulipirani!"

"Mwatilipira za lero, bwana!" anayankha aneba athu ali pamsewu. "Ukoko ndi mpaka mvula ithe!"

Mayi wa magalasi anatembenuka pang'onopang'ono.

"Za lero?"

Wamfupi analowererapo msanga. "Madamu, anthu akuno ndi choncho, mwina kwagwa zovuta. Katundu tamuona kale, ndi wabwino."

Mayiyo anatola puleni, n'kumupatsa mwini shedi. "Inu ndi mmisiri wamkulu pano, eti? Tapalani thabwa ili tione."

Mkulu uja anayang'ana puleni, anayang'ana malaya ake oyera. Anakankha kamodzi, puleni inalumpha. Anakankhanso, inakanirira. Mayiyo anafunsa kumene amawotcherera miyendo yachitsulo. Iye anati makina ali kokonzetsa. Anafunsa za magetsi. Anati jenereta nayonso ili kokonzetsa. Wogulitsa tchipisi anaseka mpaka mafuta anamuthovokera padzanja.

Kenako mayiyo anawoloka msewu, ndipo ine ndinazungulira kuseri kwa chigayo kuti ndikasuzumire pa mpata wa matabwa. Apa m'pamene thukuta linandituluka. Bambo anali okhaokha. Owathandiza awo awiri, amene anawauza kuti lero asachoke zivute zitani, nawonso anali atathamangira ku esiteti. Ichi sindinachiganizire. Msampha wanga unali utagwira ndi nkhuku zakwathu zomwe.

Wamfupi anamwetulira koyamba. "Mwaona, madamu? N'chimodzimodzi. Nakonso kulibe antchito."

"Analipo m'mawa," anatero bambo, mawu ali pansi. "Sindikudziwa chawalowa."

Mayiyo anawapatsa mayeso omwewo. Bambo anayang'ana mpeni wa puleni ndi diso limodzi, anaugogoda pang'ono ndi hamala, n'kuyamba. Zopala zinkatuluka zopiringizika, zazitali, kugwera pa zinzake za dzulo ndi dzana. Mayiyo anasisita thabwalo, anayang'ana benchi yawo yodyeka m'mbali, n'kufunsa kuti madesiki zana angawathe masabata angati. Wamfupi ankalemba m'buku mwake ataphimba ndi dzanja. Dzanja limenelo linandisowetsa mtendere masabata atatu.

Anthu anabwerako ku esiteti dzuwa litapendeka, matope mpaka m'mawondo. Mlonda wapageti akuti anawaseka mpaka kukhala pansi. Akabaza okha ndi amene anasangalala. Pofika madzulo nkhani inali itaululika, chifukwa wachinayi uja pakamwa pake sipatsekeka. Aneba athu anafika kwathu asanasambe n'komwe.

"Akalipentala, mwana wanuyu ndi mfiti! Ndayenda ulendo wonse uja pachabe, ganyu yanganso yapita!"

"Ankolo, ine ndinanena kuti akulemba? Atsikana aja anakuuzani kuti palibe. Munathamanga nokha."

Amayi anandiponyera chikho, chinandiphonya. Kusukulu anatipatsa chibalo chokumba dzenje la zinyalala, tonse asanu, ndipo tinalikumba tikuimba. Esiteti inadzalembadi anthu patapita masiku asanu ndi anayi. Ena anachedwa dala, amvekere ndi kamtsikana kaja kayambanso, ndipo anapeza malo atatha. Awiri mwa iwo sandiyankha moni mpaka lero. Zimenezo n'zachisoni, ndikuvomera, koma ndikakumbukira sowo ija ikunjenjemera m'thabwa, chisonicho sichikhalitsa.

Kalata inabwera kumayambiriro kwa Disembala. Bambo anapatsidwa madesiki a masukulu awiri. Otsalawo anapita kwa mmisiri wina wa ku Khwethemule amene dzina lake palibe analimvapo, ndipo wakabaza wina analumbira kuti anaona galimoto ya magalasi akuda itaima kumeneko. Ndinawauza bambo kuti zimenezi zikununkha. Anati mphuno yanga yagwira ntchito yokwanira chaka chino.

Anawerenga kalatayo kawiri, anaipinda, n'kuimbira msuweni wawo kuti malo aja apatse wina. Sananene kuti zikomo, ndipo sindinkayembekezera. Anangonditi:

"Anyamata aja alembedwa ku esiteti, sabweranso. Wowathamangitsa ndiwe. Mawa ukaweruka ubwere kushedi, sandipepa akukudikira."

"Mundilipira za tsiku kapena mpaka mvula ithe?"

Anakweza thabwa ngati andimenya nalo, koma ndevu zawo zinkagwedera.