Mayi Amene Anadziwa Wokama Bulu

Mnansi wanga kuno ku Chipanga ndi mwana wa malemu a Castigo ndi a Laurentina a ku Zóbuè, ndipo iyeyo ndi make Jorge ndi Esmeralda. Sukulu sanaipondeko, pamene ine ndinafika kalasi yachinayi, koma chiweto chikadwala anthu amathamangira kwa iye. Amachigwira khutu n'kunena kuti, "Chiweto sichinama, amanama ndi mwini wake."

Chaka chatha bulu wa mwana wanga Crimildo anaswa, koma kamwanako kanayamba kuonda, nthiti zonse pamtunda. Madeya, mchere, mankhwala a njoka zam'mimba, zonse zinakanika. Mayiyu atabwera anagwira bere la make, kenako anamva mdzukulu wanga Ilda akutsokomola m'nyumba. Anandiyang'ana. Ndine ndinkakama buluyo mobisa m'mamawa, kuti Ilda amwe, chifuwa chithe.

"A Crimildo, abulu awiriwa azigona kwanga mwezi uno, kuno fumbi lachuluka," anatero. Mawa lake mayiyu anabereka Ilda kumsana kupita naye kuchipatala, ine ndikutsatira m'mbuyo.

Kabulu kananenepa, chifuwa chinatha. Tsopano Ilda amamuitana kuti agogo, ine ndili pomwepo. Mayiyu sanandiululepo mpaka lero, ndipo zikomo wanga sanamumve. Adikire kaye.