Miyala ya pa Linga

A Esau Silungwe anali fundi wokonza njinga kwa zaka zoposa makumi anayi, pansi pa mtengo wa mango pa njira ya ku Lufita. Sindiwalemba ngati munthu woposa anzake. Anali ouma mutu, ntchito ankachedwetsa, ndipo ine ndinakanganapo nawo kawiri pa nkhani ya tcheni. Ndingolemba zimene ndinaona.

Kumunsi kwa nyumba yawo, m'mphepete mwa kamtsinje, kuli malo amene timati pa Linga. Asilikali a atsamunda anamangapo msasa pa nkhondo yawo ndi Ajeremani. Zotsala zake zinali ngalande yozungulira, khoma la njerwa lolekeza m'chiuno, ndi miyala ya mumtsinje yobisika mu udzu kuseri kwa ngalandeyo. Miyalayo inalipo makumi anayi ndi itatu. Agogo awo a fundiyu anali m'gulu la amtengatenga, amuna osenza katundu wa asilikali, ndipo ndiwo anakumba manda a anzawo amene anafera pamenepo ndi kamwazi. Panalibe mtanda kapena dzina. Wakufa aliyense anangomuikira mwala umodzi kumutu. Chaka ndi chaka a Silungwe ankatchetcha udzu pamenepo, monga ankachitira atate awo, osauza munthu chifukwa chake.

Komiti ya chitukuko itagwirizana kuti pa Linga pakhale paki, ya mabenchi ndi akatungwe a ana, ntchito inayamba a Silungwe ali ku maliro ku Chisenga. Antchito anachita zimene zimachitika pa sukulu ndi pa ofesi iliyonse kuno. Anatola miyala ija, anaipaka laimu, naindandalika m'mbali mwa njira yochokera pa chipata.

Atabwerako a Silungwe sanapite kukadandaula kwa wina aliyense. Anatenga wilibala. Ndinawapeza m'mawa atagwada mu udzu, akutembenuza mwala pa kadzenje. Mwala ukakhala malo amodzi zaka zana umasiya chizindikiro chake m'dothi, ndipo iwo ankayesa mwala uliwonse kadzenje ndi kadzenje mpaka utakhazikika. Unali mwezi wa Novembala. Mvula ikanangogwa, timaenjeto tikanafafanizika, ndipo palibe akanadziwanso mwala wa uyu ndi wa uje.

Kapitawo wa antchito, Jameson, anafika akupukuta manja.

“Adada, kodi mwasiya njinga mwayamba kuba miyala?”

“Wakuba ndi amene anaichotsa.”

“Taipaka bwinobwino, njira yaoneka ngati ya ku boma. Inu mukufuna tchire?”

“Laimu wanu sindikukana. Amenewa sanavalepo zoyera ali moyo. Koma agone pamalo pawo.”

Jameson anaseka, nati akaitana apolisi. A Silungwe anamuuza kuti auze apolisiwo abwere ndi wilibala yachiwiri.

Masana kunabwera Mayi Bessie, wapampando wa komiti, mphunzitsi wochokera ku Zomba amene anaphunzira malonje athu. Anati monire, nawombera m'manja, kenaka anafunsa chifukwa chake nkhaniyi sinatchulidwe pa msonkhano.

“Munafunsa za khoma la azungu,” anatero a Silungwe. “Za khoma ndinayankha.”

“Nanga umboni woti ndi manda uli kuti, bambo? Komiti idzafuna pepala.”

“Khasu ndili nalo, mayi. Mukafuna umboni kumbani nokha. Ine ndiimirira apa.”

Mayiwo sanalandire khasulo. Sanawaletsenso. Anangoti paki itsegulidwa Loweruka ndipo njira isakhale ndi magweru.

Tsiku loyamba a Silungwe anabwezera miyala khumi ndi umodzi. Njinga za anthu zinangounjikana pansi pa mango. Tsiku lachiwiri ndinakankhako wilibala, koma kuyesa pa dzenje sanandilole, ati maso anga ndi a m'mabuku. Mwala wina unawatengera ola lathunthu. Madzulo aliwonse Jameson ankatseka magweru ndi miyala yatsopano ya kumtsinje, akung'ung'udza, ndipo mosazindikira anawathandiza, chifukwa yosapaka laimu inali yosavuta kusiyanitsa ndi yakale.

Lachisanu masana mitambo inachokera ku mapiri a Mafinga. Mvula inagwa yamphamvu, ya matope, miyala isanu ikadali mu wilibala. Itakata tinapita kukaona. Dothi linali litasalala ngati pozira.

Ndinawauza a Silungwe kuti angoiika penapake pafupi ndi inzake, Mulungu akudziwa mwini wake.

“Mulungu akudziwa, ine sindikudziwa. Ndiike mwala wa munthu pamutu pa mnzake?”

Anakankha wilibala mpaka pa chipata, naitula isanu yonse pakati penipeni pa njira. Jameson anati achotsa. A Silungwe anati achotse, aipezanso pomwepo. Anachotsadi katatu tsiku lomwelo, ndipo katatu konse anaipeza itabwerera.

Paki inatsegulidwa Loweruka, alendo akulambalala mulu uja. Komiti inakambirana zolemba dzina la a Silungwe pa chikwangwani, iwo anakana, nati alembe nambala yokha. Lero pa chipata palembedwa 43. Ana amasewera pa akatungwe, anthu amadyera nzimbe pa mabenchi, ndipo njira inapindika yokha pamene mapazi amapatuka. Fundiyo, ndi zaka zake makumi asanu ndi awiri, amadzera pomwepo m'mawa uliwonse popita pansi pa mango, nawerenga isanu ija.