Kalata Zinayi za Amayi

Taipilaita ya amalume inkakhala m'bokosi lakale la tiyi, yofunditsidwa chitenje, ndipo inkanunkha mafuta a makina osokera. Amalume anali kalaliki pa esiteti mpaka manja awo atayamba kunjenjemera. Dzinja limene bambo anamwalira, ine ndili Sitandade 7, amalumewo anandikhazika patsogolo pa taipilaitayo.

"Ukaika mpumiro, chala chachikulu chigunde kawiri," ankatero. "Mpata umodzi ndi wa anthu osaphunzira."

Nyumba yathu ya ku komboni inali ya esiteti, yopatsidwa m'dzina la bambo. Akuluakulu a esiteti anatiuza kuti tituluke mwezi usanathe, chonsecho amayi anali atathyola tiyi m'minda yomweyo kuyambira ali mtsikana. Kulemba sankadziwa, koma anati pempho lawo loti tikhalebe m'nyumbamo lipita lotaipidwa basi. Ankayankhula chiimirire, dengu likadali kumsana, zala zili bii ndi masamba a tiyi, mkwiyo ukakwera Chilomwe n'kumalowerera. Amalume ankatembenuzira m'Chingerezi, ine n'kumagogoda.

Kalata yoyamba inabwerera. Kalaliki watsopano, wophunzira kompyuta, anazunguliza mipata yanga yonse ndi inki yofiira, akuti masiku ano mpata ndi umodzi. Yachiwiri inabwerera chifukwa cha galamala. Ndinapita nayo kwa aphunzitsi, iwo anaikonza, koma anabwezeramo mipata iwiri monga anaphunzirira kukoleji. Yachitatu inabwereranso.

Lero ndimataipa makalata mu ofesi, ndipo ndimadziwa kuti aliyense wa atatuwo ankangolondera lamulo limene analipeza m'kalasi mwake. Wina akandigwedezera cholembera chofiira, ndimamufunsa kaye ngati wamva zimene kalatayo ikunena.

Koma tsiku limene yachitatu inabwerera ndinalira, ndinati ndasiya. Amayi anandigwira chibwano. "Taipanso, mwananga. Atope ndi iwowo."

Yachinayi ndinaiwerenga mpaka maso anawawa. Amayi anaibisa m'bulauzi, tinatsetsereka limodzi mumvula, matope ofiira akutilemera kumapazi. Mu ofesi anakana mpando. "Muiwerenge mokweza, achimwene, ndimve." Kalalikiyo anaiwerenga yonse, cholembera chili m'manja, osapeza pozunguliza. Kenako anati nyumbayo inapatsidwa kale kwa wina.

"Bwenzi mutanena pa kalata yoyamba," anatero amayi, osatsitsa maso.

Tinasamukira kwa Changata pa thirakitala. Amayi anakhala pamwamba pa katundu, khosi chilili, akupereka moni kwa aliyense m'minda. Ine njira yonse ndinali pa kope ya kaboni ya kalata yachinayi ija, kuwerenga mipata ndi chala, kufunafuna pamene ndinalakwitsa kuti atilande nyumba.