Chikwangwani cha Bambo Kuo

Tsiku limene dokotala ananena kuti chiwindi cha Pei-shan chakutidwa ndi mafuta ndipo chayamba kuchita zipsera, bambo ake anafunsa funso limodzi lokha: "Nanga pamalonda pazikhala ndani?"

Bambo Kuo ankagulitsa mpunga wa nyama ya nkhumba yonona pamsika wina mumzinda wa Tainan. Chikwangwani analibe, chikwangwani chawo chinali mwanayo. Kuyambira ali ndi zaka zisanu ankamukhazika kutsogolo, mbale pamiyendo, n'kumauza odutsa: "Mukukayika ndiwo zanga? Taonani mwanayu." Anthu ankaseka, kumutsina masaya, n'kugula. Pofika zaka 16, mtsikanayo ankaima kawiri asanamalize masitepe a kusukulu.

Anayesa kuchepetsa kudya, koma mungasale bwanji nyama mukuswera pambali pa mphika? Mayi ake ndiwo anasaina kuti achitidwe opaleshoni yochepetsa chifu.

"Ife tachepetsa chifu basi," anatero dokotala. "Ukabwerera ku mbale zija, mafutawo abwereranso kuchiwindi."

Inali miyezi yowawa. Masipuni atatu a phala, kenako kusanza. Tsitsi linayamba kuthothoka. Makasitomala nawo kukamwa mbwee: "A Kuo, mwana wafota chonchi, mphika wasukuluka kapena?"

Tsiku lina masana, anthu atadzaza, bambo ake anamuikira mbale yosefukira. "Idya. Ukundichititsa manyazi."

Fungo la nyamayo Pei-shan ankalikondabe. Koma anakankha mbaleyo pang'onopang'ono.

"Ababa, chiwindi changa mwachigulitsa zaka khumi ndi chimodzi. Chatsalachi ndi changa."

Mwezi wathunthu sanalankhulane. Pei-shan ankangoyenda ndawala m'mawa uliwonse, kudziphikira nsomba ndi masamba, kumwa mavitamini ake.

Chaka chitatha, dokotala anamuonetsa zotsatira: mafuta ambiri achoka, kutupa kwatha, zipsera zasiya kukula.

Mukudikira ndinene kuti bamboyo anapepesa? Ayi ndithu. Anakulitsa chithunzi chakale cha mwanayo ali wonenepa, n'kuchipachika pamwamba pa mphika. Malonda akuyenda. Pei-shan amadutsa pomwepo tsiku lililonse popita kusukulu, ndipo zimamupwetekabe. Koma masitepe aja amakwera osaima.

Inu amene mukulimbana ndi matenda pakhomo popanda wokuomberani m'manja, musadikire chipepeso kuti muchire. Mwina sichidzabwera. Osataya mtima, thupilo ndi lanu.